Kufunditsa Matchalitchi Akale a ku England Popanda Utsi

Munthu amene anagonapo ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba m'mwezi wa Juni amadziŵa chimene chisanu chimachita ku zala ndi ku mawondo. Koma chisanu chimenecho chimathaŵa dzuŵa likangokwera, kotero kuti pofika nthaŵi ya ulaliki anthu amakhala atayamba kale kuvula majuzi. Ku England sizitero ayi. Kuyambira Novembala kufikira Malichi dzuŵa limatuluka mochedwa, limayenda cham'munsi ngati lodwala, ndipo pakati pa nyengoyo kunja kumada 4 koloko madzulo itangokwana. Madzi amaundana m'mipope. Tsono m'nyengo yotere nyumba yozizira koposa m'mudzi monse kaŵirikaŵiri imakhala tchalitchi, pakuti n'chamiyala, n'chachitali, ndiponso n'chakalekale.

Mpingo wa Church of England, umene ndiwo kholo la mipingo ya Anglican pa dziko lapansi, uli ndi matchalitchi pafupifupi 16,000 ndi makatedulo 42. Mwa ameneŵa, oposa 12,000 ngolembedwa m'kaundula wa boma wa nyumba zosungidwa chifukwa cha mbiri yake, ndipo ambiri anamangidwa zaka 600, 700, ena 900 zapitazo. Funso limene likuvutitsa akuluampingo kumeneko m'zaka zino limamveka lopepuka: kodi nyumba zimenezi zifunditsidwe motani popanda kuotcha mafuta, gasi kapena malasha? Kuyankha kwake ndiko kwautsa mikangano m'misonkhano, milandu m'mabwalo a mpingo, ndiponso kwadya ndalama zochuluka zedi.

Amisiri amene anamanga matchalitchiŵa sanaganize n'komwe zoŵafunditsa. Kwa zaka mazanamazana Akhristu ankapemphera ali chiimire pa miyala yozizira, atadzikulunga m'zovala zaubweya, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Pambuyo pake olemera anayamba kudzimangira mipando yotchingidwa ndi matabwa ngati timakola, yokhala ndi kachitseko kake, kuti mphepo isaŵapeze, ndipo ena ankanyamula kachitini ka makala amoto koikapo mapazi, kofanana ndi mbaula yaing'ono. Moto weniweni unaloŵa m'tchalitchi m'zaka za m'ma 1800, pamene malasha anatchipa. M'chaka cha 1856 Goldsworthy Gurney analembetsa mbaula yake yachitsulo, chimphona chonga mgolo choima chilili, chokhala ndi nthiti zambiri m'mbali zomwazira kutentha. Mbaula zimenezi zikali kuoneka m'makatedulo ena monga a Ely, Hereford ndi Chester. Kenaka kunadza mipope ya madzi otentha yoyenda m'ngalande pansi pa tchalitchi, ndipo m'zaka za m'ma 1900 maboila a malasha analoŵedwa m'malo ndi a mafuta ndi a gasi. Chotero mbadwo umene ulipo lero unakula ukudziŵa kuti Loŵeruka usiku kapena Lamulungu mbandakucha wina amakayatsa boila, ndipo anthu pofika amapeza m'kati muli mofundirako.

Zinthu zinatembenuka mu Febuluwale 2020, pa msonkhano wa Sinodi yaikulu ya mpingowo mumzinda wa London. Bishopu wa ku Salisbury, Nicholas Holtam, anabwera ndi ganizo lakuti mpingo ukhale utathetsa utsi wake wa kaboni pofika chaka cha 2045. Wansembe wina wa ku Bristol, Martin Gainsborough, anaimirira nati zaka zimenezo zachuluka, chaka chikhale 2030. Ganizo lake linapambana ndi mavoti ochepa chabe, 144 kwa 129. Kunena zoona, ambiri mwa amene anakweza manja tsiku limenelo sanali atadziŵa kuti ntchitoyo idzagwiridwa bwanji. Ndondomeko yake inadzavomerezedwa pambuyo, mu Julayi 2022, ndipo a Church Commissioners, amene amasunga chuma cha mpingo, analonjeza mapaundi 190 miliyoni oti agwiritsidwe ntchito m'zaka zisanu ndi zinayi kuyambira 2023.

Chifukwa chake n'chodziŵika. Mafuta, gasi ndi malasha zikapsa zimatulutsa mpweya wa kaboni umene umaunjikana mumlengalenga n'kumasunga kutentha kwa dzuŵa monga bulangete, ndipo dziko likatentha mvula imasokonezeka, namondwe amakula mphamvu. Anthu a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu safuna womasulira pa nkhani imeneyi, poti anaona ndi maso chimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, pamene mapiri anagumuka ndipo anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Dayosisi ya Birmingham yakhala pa ubale ndi mpingo wa Anglican m'Malaŵi kuyambira 1966, ndipo madayosisi ena ali ndi abale otere m'maiko ena a mu Africa ndi ku zilumba za m'nyanja zikuluzikulu. N'kovuta kupempherera mbale amene nyumba yake yakokoloka uku pansi pa guwa boila ikulilima. Komanso poŵerengera mphamvu zonse zimene tchalitchi chimagwiritsa ntchito, zoposa magawo anayi mwa magawo asanu zimathera pa kufunditsa. Nyale ndi zina zonse n'zazing'ono.

Vuto loyamba ndi nyumba yeniyeniyo. Mpweya wotentha umakwera kumwamba, monga amadziŵira aliyense amene anaonapo utsi ukufunafuna denga la khitchini. M'tchalitchi chimene denga lake lili pa mamita 15 kapena 20, kutentha kumene anthu alipira kumakaunjikana ku mitanda ya denga kumene kulibe munthu, mwina mileme yokha, pamene agogo ali pa benchi akunjenjemera. Makoma ngochindikala, ena kupitirira mita imodzi, ndipo mwala wozizira umameza kutentha kwa maola ambiri usanayambe kubweza. Mazenera ngaakulu, agalasi lopyapyala lolumikizidwa ndi mtovu, ndipo mphepo imaloŵa m'ming'alu yosaŵerengeka. Nyumba wamba ya masiku ano imavekedwa zotchinga m'makoma ndi kudenga kuti kutentha kusathaŵe. Khoma lokhala ndi zithunzi zojambulidwa zaka 600 zapitazo silingamatidwe chotero, ndipo zenera losimba mbiri ya oyera mtima silingachotsedwe.

Vuto lachiŵiri ndi lamulo. M'tchalitchi cha Church of England munthu sangaboole khoma, kukumba pansi kapena kuchotsa benchi popanda chilolezo chotchedwa faculty, chimene chimaperekedwa ndi bwalo la milandu la dayosisi, lokhala ndi woweruza wake. Mabungwe oteteza nyumba zakale, monga Historic England ndi Victorian Society, amafunsidwa maganizo ndipo angathe kutsutsa. Kale boila ikafa ankangogula inzake yofanana nayo. Kuyambira Julayi 2022 malamulo anasinthidwa: wofuna kuikanso boila ya mafuta kapena gasi ayenera kupempha chilolezo ndi kusonyeza kuti walingalira mozama njira zopanda utsi, pamene njira zina za magetsi zinapeputsidwa.

Koma vuto lachitatu ndilo lodabwitsa, pakuti lasonyeza kuti kufunditsa kumene kunazoloŵereka kunali kuwononga matchalitchi mwakachetechete. Mpweya ukatenthedwa umauma, ndipo umayamwa chinyezi m'chilichonse chimene wachikhudza. Thabwa likataya chinyezi limafota, likachilandiranso limafufuma, monga chitseko chimene chimakana kutsekeka m'dzinja koma mu Okutobala chimasiya mpata. Tchalitchi chotenthedwa mwamphamvu Lamulungu n'kusiyidwa kuzizira masiku asanu ndi limodzi chimafufumitsa ndi kufotetsa matabwa ake mlungu uliwonse, chaka ndi chaka, mpaka utoto umasupuka ndipo zosema zimang'ambika. Limba lalikulu la mipope nalonso limasintha mawu potsata kutentha, ngati ng'oma yowambidwa pamoto, ndipo zikopa ndi matabwa a m'kati mwake zimauma n'kuyamba kutaya mpweya. Mchere umene uli m'miyala umasungunuka kukakhala chinyezi, n'kuumanso kukatentha, ndipo pouma umafufuta nkhope ya mwala. Pomaliza, boila ikazimitsidwa, nthunzi ya mpweya wa anthu imakasanduka mame pa makoma ozizira, ndere n'kumera.

Zimenezi zinafufuzidwa mosamala m'mudzi wa Rocca Pietore, m'mapiri a Dolomites ku Italy, kumene kuli tchalitchi chokhala ndi guwa lamatabwa losemedwa zaka pafupifupi 500 zapitazo. Makina opemerera mpweya wotentha anali kung'amba zosemazo. Akatswiri otsogozedwa ndi Dario Camuffo, pa ntchito yotchedwa Friendly Heating imene inachitika kuyambira 2002 mpaka 2005, anayesa kuika timbaula ta magetsi tofunda pang'ono m'mabenchi momwemo, pafupi ndi mapazi, miyendo ndi manja a anthu, nasiya nyumba yonseyo ili chizizirire. Opemphera anapeza mpumulo, ndipo zosema zinaleka kuvutitsidwa.

Nzeru imeneyi, yofunditsa munthu m'malo mofunditsa nyumba, ndiyo imene mpingo wa ku England ukulangiza matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi, amene amatsegulidwa ola limodzi kapena aŵiri pa mlungu. Pansi pa benchi pamamangiriridwa kambaula ka magetsi kopyapyala, kamene kamayatsidwa mphindi zoŵerengeka mapemphero asanayambe, ndiponso m'mabenchi okhawo mmene mukhale anthu. Kwina amagula mitsamiro yokhalira yokhala ndi batire. Kwina amapachika nyale zotulutsa cheza chotentha, chimene sichitenthetsa mpweya koma thupi limene chagwerapo. Aliyense woothera dzuŵa m'maŵa wa Juni atatsamira khoma amachidziŵa chinthu chimenechi: mphepo ikali yozizira, koma msana ukumva bwino. Tchalitchi cha St Matthew mumzinda wa Bristol chinayesa nyale zotere zopangidwa ngati nkhata yaikulu yolendeŵera kudenga, kuti zioneke ngati nyale zokongoletsera. Komabe njirayi ili ndi malire ake. Cheza chimafunditsa mutu ndi mapewa, mapazi n'kutsala pa mwala. Oimba kwaya ndi wansembe amene sakhala pa benchi amafuna zawozawo. Ndipo matchalitchi ambiri a kumidzi alibe waya wa magetsi wamphamvu yokwanira, kotero kuti kukoka wina watsopano kungadye ndalama zoposa mtengo wa mbaulazo.

Wina angafunse kuti magetsi akusiyana pati ndi gasi, popeza nawonso amachokera ku moto. Funsoli linali loona zaka zapitazo. M'chaka cha 2012 pafupifupi magawo anayi mwa khumi a magetsi a ku Britain ankachokera ku malasha. Koma makina oyendera mphepo, makamaka oimikidwa m'nyanja, pamodzi ndi a dzuŵa anachuluka, ndipo pa 30 Seputembala 2024 nyumba yomaliza yopanga magetsi ndi malasha, ya ku Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa. Gasi akali kuotchedwa popanga gawo lina la magetsi, koma utsi wa magetsi a dzikolo wakhala ukutsika. Boila ya gasi yogulidwa lero idzafuka chimodzimodzi kwa zaka makumi aŵiri, pamene mbaula ya magetsi imayera pamodzi ndi magetsiwo.

Makatedulo ndi matchalitchi a m'mizinda, amene amakhala otsegula tsiku lililonse, sangadalire timbaula ta m'mabenchi. Kwa iwo chiyembekezo chili pa makina otchedwa heat pump, ndiko kunena makina opopa kutentha. Kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka firiji. Woika dzanja kumbuyo kwa firiji amamva kufunda. Kumeneko ndiko kutentha kumene kwachotsedwa m'zakudya zili m'kati n'kutayidwa kunja. Makina opopa kutentha amachita zomwezo motembenuza: amatola kutentha pang'ono kumene kuli mumpweya wa panja, m'nthaka kapena m'madzi, amakupanikiza kuti kukwere, n'kukuloŵetsa m'nyumba. Popeza sapanga kutentha koma amangokusamutsa, muyeso umodzi wa magetsi umabala miyeso itatu kapena kuposerapo. Chovuta n'chakuti madzi ake amagwira bwino ntchito ali ofunda chabe, pa madigiri 35 mpaka 50, pamene boila imaŵafikitsa pa 70 kapena 80. Madzi ofunda chabe amafuna malo aakulu omwazirapo kutentha, ndipo malo aakulu koposa m'tchalitchi ndi pansi. Tsono pansi pa tchalitchi chakale pali manda.

Apa ndipo nkhani ya Bath Abbey iyenera kukambidwa mofatsa. Bath ndi mzinda wa kumwera chakumadzulo kwa England, womangidwa pa akasupe a madzi otentha onga amene amapezeka ku Nkhotakota ndi ku Chiweta, koma aakulu kwambiri. Mvula imene inagwa pa mapiri a Mendip zaka zikwi zapitazo inaloŵa pansi kupitirira makilomita aŵiri, inatenthedwa ndi miyala ya kumeneko, ndipo imatumphuka pakati pa mzindawo ili pa madigiri pafupifupi 46, malita oposa miliyoni imodzi tsiku lililonse. Aroma atafika, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anamangapo malo osambira ndi kachisi, namanganso ngalande yaikulu yotayira madzi otsala mumtsinje wa Avon. Ngalandeyo ikugwirabe ntchito, ndipo imadutsa pafupi ndi tchalitchi. Pa malo ameneŵa ndi pamene mfumu Edgar inavekedwa ufumu m'chaka cha 973, ngakhale kuti nyumba imene ilipo lero inayambidwa cha m'ma 1499. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu ankazizidwa m'katimo pamene madzi otentha ankapita kumtsinje mamita oŵerengeka kuchokera pa khoma.

Chimene chinatsegula njira chinali tsoka. Pansi pa Bath Abbey panaikidwa anthu zikwi zingapo, ndipo mabokosi awo ataola anasiya mphako, pansi n'kuyamba kutitimira. Panalibe kuchitira mwina koma kukonza pansi ponse. Pa ntchito yotchedwa Footprint, imene inadya mapaundi oposa 19 miliyoni, amisiri anazula miyala ya pamanda 891, uliwonse anaulemba ndi kuukonza, anadzaza mphakozo, anayala mipope ya madzi ofunda, n'kubwezeretsa miyalayo pamwamba pake. M'ngalande ya Aroma, pansi pa msewu, m'malo opanikiza ndi odzaza nthunzi, anayalamo zitsulo zokhala ndi madzi akeake oyenda mozungulira. Madzi a kasupe samwedwa kapena kupatutsidwa. Amangokhudza zitsulozo podutsa, n'kusiyako gawo la kutentha kwake, ndipo makina opopa kutentha amakukweza n'kukutumiza pansi pa mapazi a opemphera. Ntchito ya m'ngalandeyo inatha mu 2021.

Sizinayende popanda mlandu. Kuti pansi pakonzedwe panafunika kuchotsa mabenchi amene anaikidwa ndi mmisiri wotchuka George Gilbert Scott m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, ndipo atsogoleri a tchalitchi sanafune kuŵabwezeramo. A Victorian Society anakana, nati mabenchiwo ndi chuma cha mbiri. Nkhani inakambidwa m'bwalo la dayosisi mu 2017, ndipo woweruza analola kuti mabenchi a m'chipinda chachikulu achoke. Mbali zonse ziŵiri zinali kuteteza zakale: ena mabenchi a zaka 150, ena miyala ya pamanda imene mabenchiwo anaibisa.

Mkangano wofanana unabuka ku Cambridge, pa tchalitchi cha King's College, chimene chinayambidwa ndi mfumu Henry VI mu 1446. Chili moyandikana ndi Senate House, nyumba imene David Livingstone analankhuliramo mu Disembala 1857, mawu amene anabala mishoni ya UMCA yomwe inafika ku Magomero mu 1861. Pokonza denga lake lamtovu, eni ake anapempha kuikapo mapanelo a sola. A Historic England anatsutsa poopa kuti adzaoneka kupyolera m'zokongoletsa za pamwamba pa khoma, koma bwalo la mpingo ndi khonsolo ya mzinda anavomereza mu 2023, ndipo mapanelo 438 anaikidwa. Katedulo ya Gloucester inali itatsogola kale mu 2016 ndi mapanelo 150, ndipo York Minster inayatsa ake 184 mu Januwale 2025. Matchalitchi akale ali ndi mwayi umodzi: anamangidwa moloza kum'maŵa, motero mbali imodzi ya denga lalitali imayang'ana kumwera, kumene dzuŵa la ku England limayenda. Komatu sola si yankho la chisanu. Amabala kwambiri mu Juni ndi Julayi, pamene kumeneko kuli kotentha, ndipo mu Disembala amapereka zochepa.

Bath, Cambridge ndi York ndi malo a alendo ambiri ndi abwenzi olemera. Ndalama zoposa theka za ntchito ya ku Bath zinachokera ku thumba la lotale ya dziko losamalira zakale. Tchalitchi cha kumudzi chilibe kasupe kapena thumba lotere. Ku England boma silimanga kapena kusamalira matchalitchi a mpingo. Udindo uli pa Akhristu a pamalopo, amene m'midzi yambiri ndi anthu makumi aŵiri kapena atatu, ochuluka mwa iwo okalamba. Iwo ndiwo amasonkha za denga lodontha, za inshuwalansi ndi za dayosisi. Mitengo ya gasi ndi magetsi itakwera koopsa mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mipingo ina inasamutsira mapemphero a m'nyengo yozizira m'kachipinda kam'mbali kapena m'holo, ina inagaŵa mabulangete pakhomo. Ndiponso ku Britain muyeso umodzi wa magetsi umagulidwa pafupifupi kanayi mtengo wa gasi, kotero kuti makina obala katatu sachepetsa bilu nthaŵi zonse. Apa mpingo uyenera kunena zoona kwa anthu ake, pakuti msungichuma amene analonjezedwa kuti ndalama zidzatsala, n'kupeza kuti sizinatsale, sadzakhulupiriranso mlangizi wa ku dayosisi.

Nthaŵi yoopsa ndi pamene boila yakale yafa mwadzidzidzi, ndipo kaŵirikaŵiri imafa mu Disembala, Khirisimasi ili pafupi, maliro ndi maukwati zitalembedwa kale. Njira yatsopano imafuna miyezi ya kuyeza, kujambula mapulani, kupempha chilolezo ndi kufunafuna ndalama, pamene boila ya gasi ingaikidwe m'masiku oŵerengeka. Oweruza a madayosisi akumana ndi milandu yotere kangapo, ndipo ena alola boila ya gasi moikapo malire, monga akuti igwire ntchito zaka zoŵerengeka pamene mpingo ukukonzekera njira ina. N'chifukwa chake alangizi akuumiriza mipingo kulemba mapulani boila ikali yamoyo, ndi kuyamba ndi zotchipa: kukonza magalasi osweka, kutseka mipata ya m'zitseko, kuchotsa masamba m'ngalande za padenga kuti makoma aume, poti khoma lonyoŵa limazizira koposa louma.

Chiŵerengero chimene mpingo umasonkhanitsa chaka ndi chaka chasonyeza kuti utsi wochuluka umachokera ku matchalitchi akuluakulu oŵerengeka a m'matauni ndi ku masukulu a mpingo, osati ku timatchalitchi ta kumidzi toyatsa moto kamodzi pa mlungu. Motero ndalama zoyamba zalunjikitsidwa ku matchalitchi pafupifupi 600 ofuka kwambiri, ndipo ang'onoang'ono auzidwa kuti asathamangire kuzula boila imene ikugwira ntchito, koma akhale okonzeka pa tsiku limene idzafe. Pakali pano matchalitchi zikwi zambiri akuotchabe gasi ndi mafuta, ndipo chaka cha 2030 chimene Sinodi inasankha ndi mavoti 15 okha chayandikira.